Maluwa a pa Nyika

M'mwezi wa September, moto wa lupsa utapita, mapiri a Nyika, pa malire a Zambia ndi Malawi, amakhala akuda bii. Koma mvula isanagwe, maluwa oyamba amaturuka m'phulusa momwemo, oyera, acikasu ndi ofiira. Woyenda m'kanjira ka ku nkhalango ya Chowo, pa malo okwera mamita oposa 2,000, amakomana ndi mphepo yozizira, naona mbidzi ndi nchefu zirikudya msipu wanthete.

Mvula ikakhazikika, mu January ndi February, kumaphuka maluwa a banja la cikanda, amene mitundu yace pa Nyika iposa 200. Cikanda cimene anthu a ku migodi amagula pa msika cimapangidwa ndi timbatata ta pansi pa maluwa otere. Wokumba akazula tonse, duwalo silimeranso. Cifukwa cace casowa m'madambo ambiri, ndipo amalonda amacitenga kutari ku Tanzania.

Mbali ya Zambia ya Nyika inakhala malo osungidwa ndi boma mu 1972. Mlendo wanzeru amafikako ndi maso, khasu nalisiya kunyumba, kuti adzukulu ace akapeze maluwa omwewo.