Pheŵa la Woseŵera: Kuliyesa ndi Kulichiza

Pa 26 May 2018, mumzinda wa Kyiv, Liverpool inali kulimbirana chikho cha Champions League ndi Real Madrid. Mpira usanafike theka la ola, Mohamed Salah wa ku Egypt anakolana mkono ndi Sergio Ramos nagwera pheŵa lamanzere. Anayesa kupitiriza koma zinakanika, ndipo anatuluka m'bwalo akulira. Madokotala anapeza kuti mitsempha yomanga mafupa a papheŵa inavulala. Pamene Egypt inakumana ndi Uruguay pa 15 June mumpikisano wa World Cup, iye anangoonerera. Anaseŵeranso pa 19 June. Ngati katswiri wokhala ndi madokotala akeake anadikira masabata oposa atatu, nanga goloboyi wa kumudzi amene amamangidwa kansalu nabwerera pagolo tsiku lomwelo?

Kuti nkhani imveke, mpofunika kudziŵa mapangidwe a pheŵa. Fupa la ntchafu limaloŵa m'chiuno monga munsi uloŵera mumtondo, nchifukwa chake siliguluka wamba. Fupa la mkono silitero. Mutu wake ngwobulungira ndipo umangotsamira pakabeseni kosaya, monga lalanje loikidwa pasosala. Zimene zimaugwira ndi kamlomo kolimba kozungulira kabeseniko, mitsempha yomanga, ndi minofu inayi imene madokotala amaitcha rotator cuff. Nchifukwa chake mkono umazungulira mbali zonse, komanso nchifukwa chake pheŵa limaguluka kaŵirikaŵiri kuposa mfundo zina zonse zikuluzikulu za m'thupi.

Kuvulala kofala kwa oseŵera kuli mitundu itatu, ndipo uliwonse uli ndi zizindikiro zake. Woyamba ndiwo kuguluka. Kumachitika mkono ukakankhidwira kumbuyo uli m'mwamba, monga pamene goloboyi akuuluka kuti aphe mpira. Mwa mapeŵa 10 oguluka, oposa 9 amagulukira kutsogolo. Pheŵa limataya kubulungira kwake, ndipo wovulalayo amagwirira mkono ndi dzanja linalo, osalola kuti wina aukhudze. Wachiŵiri ndiwo kuthyoka kwa fupa lopingasa lochokera pansi pa khosi kufika papheŵa, kapena kuvulala kwa mfundo ya kunsonga kwake. Izi zimadza munthu akagwera pheŵa lenilenilo. Pamakhala chotupa chooneka, ndipo wovulala amaloza malo oŵaŵa ndi chala chimodzi. Wachitatu umadza mwakachetechete kwa oponya mpira wamanja, oponya nthungo, ankhonya ndi onyamula zitsulo. Minofu inayi ija imatopa ndi kunyotsoka pang'onopang'ono. Ululu umamveka pokweza mkono ukafika molingana ndi pheŵa, ndiponso usiku pogonera mbali imeneyo.

Ngozi yaikulu imadza pa mphindi zoyamba, pamene anzake a wovulala amthamangira. Pamapezeka mmodzi wodzitama kuti amadziŵa kubweza mafupa, naponda m'khwapa ndi kukoka mkono. Njira imeneyo njakale kwambiri, pakuti Hippocrates wa ku Greece anailongosola zaka zoposa 2,000 zapitazo. Koma wokoka pabwalo saona zamkati. Nthaŵi zina pheŵa loguluka limakhala lathyokanso, ndipo kukoka kumakulitsa kuthyokako. Pafupi ndi mutu wa fupa pamadutsanso mtsempha umene umapatsa mphamvu mnofu wa papheŵa. Ukavulala, khungu la kunja kwa mkono limachita dzanzi ndipo mkono umalephera kukwera.

Choyenera nchapafupi. Woseŵerayo atulutsidwe m'bwalo. Mkono ukoloŵekedwe m'nsalu yomangidwa m'khosi, pa malo amene iye akupezako bwino. Ngati pali ayezi, akulungidwe m'nsalu ndi kuikidwa papheŵa kwa mphindi 15 kapena 20. Kuthoŵa ndi madzi otentha, kusisita ndi kutema mphini pamasiku oyamba kumangowonjezera kutupa. Asadye kapena kumwa kanthu panjira, chifukwa kuchipatala angafune kumgoneka. Dzanja likazizira, likachita dzanzi kapena likasintha mtundu, ulendo wa kuchipatala usachedwe ngakhale pang'ono.

M'Malaŵi, maphunziro a maofesala a zamafupa, otchedwa orthopaedic clinical officers, anayamba mu 1985, ndipo ambiri a iwo amatumikira m'zipatala za m'maboma. Wopima amayamba ndi mafunso: anagwa bwanji, mkono unali kuti, kodi zinachitikapo kale? Kenaka amayang'ana mapeŵa onse aŵiri, amayesa ngati khungu likumva ndi ngati magazi akufika kudzanja, ndipo amajambula X-ray asanabweze fupa ndiponso atalibweza. X-ray imaonetsa mafupa okha. Minofu ndi mitsempha zimaoneka pa sikani ya ultrasound kapena MRI.

Fupa likabwezedwa, ululu umachepa msanga, ndipo apa mpamene ambiri amanyengeka. Kamlomo kozungulira kabeseni kaja kaŵirikaŵiri kamakhala katang'ambika. Pakati pa achinyamata osafika zaka 20, oposa theka amagulukanso pheŵa lomwelo, ndipo nthaŵi iliyonse fupa limapereseka. Ena amafika pofunika opaleshoni, monga yosoka kamlomoko imene dokotala wa ku England, Bankart, anailongosola mu 1923, kapena yowonjezera kafupa kutsogolo kwa kabeseni imene Latarjet wa ku France anayamba mu 1954.

Mankhwala aakulu ndiwo nthaŵi ndi mafizo. Mkono umakhala m'nsalu sabata imodzi kufikira atatu. Kenaka wovulala amayamba kuugwedeza ataŵerama, kuyendetsa zala pakhoma mokwera, ndipo pambuyo pake kukoka lamba wa mphira chigongono chili m'nthiti, kuti minofu inayi ija ilimbe. Chubu chakale cha njinga chimagwira ntchito imeneyi bwino lomwe. Fupa lopingasa likathyoka, kwa munthu wamkulu limalumikizana pa masabata 6 kufikira 8. Pheŵa loguluka limafuna miyezi itatu kapena inayi lisanaloŵenso m'maseŵera ogundana.

Muyeso wa kuchira ngwosavuta, ndipo mphunzitsi wa timu aliyense angaugwiritse ntchito: mkono wovulala uzikwera ndi kuzungulira mofanana ndi unzake, mphamvu zikhale zofanana, ndipo woseŵerayo asamachite mantha poutambasulira kumbuyo. Chimodzi chikasoŵa, akhale panja ngakhale chikho chikulimbiranidwa maŵa. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Timu ikagonja imaseŵeranso chaka chamaŵa, koma pheŵa lomwelo ndilo lidzagwire khasu, kupalasa bwato ndi kunyamula mwana kwa moyo wonse.