Botolo la mwana mayi ake akadutsa malire

Mawu amene analankhula mmodzi wa amayi akuluakulu a nthambi ya ku Zengeza 2 pa tsiku la chikondwerero

 Atandiuza kuti ndilankhule lero, ndinadziwa kuti akuyembekeza kuti ndinena za ndalama, pakuti ndizo zimatisonkhanitsa, kaya kwanu mumati chipereganyu, chilimba, xitique, stokvel, kapena mukando monga timanenera kuno. Koma ine ndinapempha kuti ndilankhule za botolo la mwana. Ena mwayamba kale kuseka. Sekani ndithu, koma mundimvere.

Ambiri mwa ife timadyera pa msewu. Ukakwera basi ku Roadport kupita ku Musina kapena ku Joni, kapena ukadzera ku Nyamapanda kulowera ku Tete ndi ku Mwanza, pakhomo suonekapo masiku 3 kapena 4. Ngongole ya gulu nayo siidikira kuti mwana ayambe wayenda. Ndiye mwana wa miyezi 6 kapena 7, amene wangoyamba kumene kulawa phala, amatsala ndi agogo ake, azakhali ake kapena kamtsikana kothandiza pakhomo, pamodzi ndi chitini cha mkaka ndi botolo. Mayi amasiya ndalama ya ndiwo, amasiya nambala ya foni, amasiya ndi matewera ochapa bwino. Chimene sasiya ndi kuphunzitsa wotsalayo kakonzedwe ka botololo, chifukwa amaganiza kuti mayi aliyense amadziwa.

Ine ndinali wotsalayo m'chaka cha 2008. Mukukumbukira mmene m'masitolo munalili mbee, ndipo aliyense wa mphamvu zake anali pa mzere ku Beitbridge kukagula ufa, mafuta ophikira ndi sopo. Mwana wanga wamkazi anapita nawo, n'kundisiyira mdzukulu wa miyezi 7. Kolera ya chaka chimenecho inayambira kuno kwathu ku Chitungwiza mu Ogasiti, ndipo pofika pakati pa 2009 anthu oposa 98,000 anali atadwala m'dziko muno, oposa 4,000 n'kumwalira. Ineyo ndinkadziona ngati wosamala. Ana anga 5 ndinawalera ndi bere lokha, botolo ndinali ndisanaligwirepo. Ndinkalitsukuluza ndi madzi a pachitsime, n'kulikhutchumula, n'kuona kuti likuwala. Mkaka umene mwana wasiya m'mawa ndinkaukulunga m'nsalu kuti usazizire, n'kumupatsanso masana, pakuti chitini chinagulidwa ndi ma rand ndipo mtima sunkandilola kutaya.

Tsiku lachitatu mwana anayamba kutsekula m'mimba. Pofika usiku maso anali atalowa, liwombo litalowa, akulira koma misozi osatuluka. Kuchipatala anati si kolera, komabe anamugoneka ndi kumuika diripi. Namwino wina wachikulire anandifunsa kuti, “Agogo, botolo lili kuti?” Nditamupatsa, anamasula mkombero uja wogwira kamphira koyamwira, n'kutembenuza kamphirako, n'kundiuza kuti ndinunkhize. Amayi inu, fungo lake linali ngati la chambiko chogonera. M'mizeremizere ya mkomberowo munali mkaka wouma wachikasu. Ndinali ndisanamasulepo chiyambire. Mwanayo anachira, lero ndi namwali wamtali kuposa ine, koma usiku umene mayi ake anatsika basi ndi zikwama za katundu n'kupeza pakhomo potseka sindidzauiwala.

Ndiye ndikuuzeni zimene ndinaphunzira, ndipo zambiri mwa izo ndi zomwe bungwe la WHO pamodzi ndi FAO analemba mu 2007 zokhudza kakonzedwe ka mkaka wa ufa wa ana.

Kutsuka ndi kuwiritsa ndi ntchito ziwiri, ndipo ina siilowa m'malo mwa inzake. Mwana akangomaliza kumwa, musadikire kuti mkaka uumiremo. Sambani m'manja ndi sopo, masulani zonse: botolo palokha, mkombero paokha, kamphira pakokha, chivindikiro pachokha. Tsukani ndi madzi otentha a sopo ndi bulashi ya mabotolo imene siigwira ntchito ina iliyonse. Chinkhupule cha mbale chimene mwatsukira poto wa matemba chisayandikire. Kamphira mukatembenuze, mufinye madzi adutse pa kabowo. Mukatsukuluza, ndiye muike zonse mu poto wa madzi oyera, zimire bwinobwino popanda mpweya wotsalira m'botolo, muvindikire, ndipo ziwire kwa mphindi 10. Muwerenge kuyambira pamene madzi ayamba kubwata, osati pamene mwateleka. Zikatha zisiyeni momwemo movindikira mpaka pamene mukuzifuna. Musazipukute ndi nsalu ya mbale, kapena ndi chitenje chimene mwavala, monga ndinkachitira ine. Kamphira kakayamba kumata kapena kung'aluka, katayeni.

Alipo mankhwala oviikamo mabotolo m'madzi ozizira, monga Milton, ndipo amathandiza kwambiri pamene gasi watha. Tsatirani muyeso ndi nthawi zimene zalembedwa pa paketi, ndipo madziwo musinthe pa maola 24 alionse. Zongothira Jik mwa diso, makamaka uja wonunkhira maluwa, ayi.

Tsopano madzi. Apa ndiye pali nkhani, chifukwa ife a ku Zengeza tikudziwa kuti mpopi ndi mlendo wobwera mwa apo ndi apo. Chitungwiza ilibe malo akeake oyeretsera madzi, imadalira a ku Harare, ndipo masiku ambiri timatunga pa mjigo, pa chitsime cha kuseri kwa nyumba, kapena kugula kwa anyamata a zigubu. Madzi a pa mjigo amaoneka oyera ngati galasi, koma kumbukirani Seputembala wa 2018, pamene kolera inabuka ku Glen View ndi ku Budiriro, ndipo mijigo ndi zitsime zina zinapezeka kuti zalowa zonyansa zochokera m'mapaipi ophulika a zimbudzi. Inu a ku Malawi simukufunika kukumbutsidwa za 2022 ndi 2023, pamene matenda omwewa anapha anthu oposa 1,700. Choncho madzi alionse opangira mkaka wa mwana awire mpaka kubwata, ngakhale a m'botolo ogula ku sitolo, ngakhale amene mwathiramo WaterGuard.

Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti ufa wa m'chitini nawo sukhala wopanda majeremusi, ngakhale chitinicho chili chomata, ngakhale mwagula mu sitolo yaikulu ya ku Joni. Mu 2017 ana ena ku France anadwala ndi majeremusi a Salmonella ochokera mu mkaka wa ufa, ndipo mu 2022 ku America anabweza zitini zambirimbiri poopa majeremusi ena otchedwa Cronobacter. Amenewo ndi mayiko a mipopi yosauma. N'chifukwa chake madzi osungunulira ufa ayenera kukhala otentha kosachepera madigiri 70, kuti aphe zimene zili mu ufamo. Palibe wa ife ali ndi choyezera kutentha kukhitchini, ndiye muyeso wake ndi uwu: mukawiritsa lita imodzi, musaisiye kuposa mphindi 30 musanaigwiritse ntchito. Yambani kuthira madzi m'botolo mpaka pa mzere woyenera, ufa pambuyo. Tsekani, khutchumulani, kenako ziziritsani poimika botololo m'mbale ya madzi ozizira, madziwo asafike pa chivindikiro. Dontheza pang'ono mkati mwa dzanja lanu, pamkono apa: ukhale wofunda chabe. Zolawa ndi pakamwa panu pa kamphira ka mwana tisiyiretu.

Mkaka ukapangidwa, uli ndi maola 2 basi. Umene mwana wasiya, tayani. Ndikudziwa mmene zimawawira, ndinakuuzani kale za nsalu yanga ija. Mabuku amati mu firiji yozizira bwino utha kukhala maola 24, koma magetsi athu mukuwadziwa, firiji imene yazima kuyambira m'mamawa ndi kabati chabe. Njira yabwino ndi kupanga wochepa wongokwana nthawi imeneyo. Usiku, kapena ngati mwatenga mwana pa ulendo, dzazani fulasiki ndi madzi ongowira kumene, ufa muusunge wouma paokha, musakanize pamene mwana wafuna. Botolo lopangiratu ku Mbare n'kukamwetsa mwana pa mzere wa ku Beitbridge, ndi dzuwa la kumeneko lija, ndi kuitana matenda.

Pali china chimene timachita mwakachetechete ndipo sitiuzana. Mwezi ukaipa, chitini timachikoka: pamene alemba timasupuni 6 timathira 4, madzi n'kukhala omwewo. Mwana amakhuta madzi, amagona, koma sikelo imatsika. Ena amachita zosiyana, amaunjika kasupuni kuti mwana anenepe msanga, ndipo mkaka wolimba choncho umamuumitsa thupi ndi kumuvutitsa impso. Gwiritsani ntchito kasupuni ka m'chitini chomwecho, kodzaza mosalaza pamwamba. Cremora si mkaka wa mwana. Mkaka wotsekemera wa kondensi si mkaka wa mwana. Tiyi nayenso ayi. Ndipo phala lisalowe m'botolo podula kamphira ndi lezala; phala ndi la kambale ndi supuni. Ngati chitini chakukanikani, pitani kukliniki mukanene poyera, anamwino akuuzeni chimene mwana wa msinkhu umenewo angamwe.

Mukandifunsa maganizo anga, mwana amene wafika miyezi 6 safunika botolo n'komwe. Kapu yaing'ono yopanda chivindikiro ilibe mkombero, ilibe kabowo, dzanja ndi sopo zimafika paliponse, ndipo mumaona ndi maso kuti yayera. Mwana amataya pang'ono masiku oyamba, kenako amazolowera. Kapu ilinso ndi ubwino wina: sungamusiyire mwana n'kupita kukachapa, uyenera kumunyamula. Azaumoyo akhala akutiuza zimenezi kwa zaka zambiri, koma timaona ngati botolo ndi chizindikiro chakuti geni ikuyenda.

Kwa inu atsikana oyamwitsa: ulendo wa masiku 4 si chifukwa choletsera mwana kuyamwa. Ife akuluakulu ndife timakuuzani kuti mkaka wasasa chifukwa mwagona kutali ndi mwana, ndipo timalakwa. Mkaka suwonongeka m'bere. Muzifinya muli pa ulendo kuti mabere asatupe ndi kuti mkaka usaphwe, mukafika musambe, mwana ayamwe. Malangizo a zaumoyo ndi akuti bere lokha kwa miyezi 6, kenako bere ndi zakudya zina mpaka zaka 2 kapena kupitirira. Amene muli pa ma ARV, kambiranani ndi anamwino musanasinthe kalikonse.

Wotsala ndi mwana adziwenso zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala: kutsekula kamadzi kangapo, kusanza chilichonse, kukana kumwa, maso ndi liwombo kulowa, thewera kukhala louma nthawi yaitali, magazi m'chimbudzi, kapena mwana kungoti lefu. Liwombo likalowa si nkhani yopaka mankhwala pamutu kapena kukhula m'kamwa, ndi madzi amene atha m'thupi. Muyambe kumumwetsa ORS, amene a ku Malawi mumamudziwa kuti Thanzi. Ngati palibe, kuno timaphunzitsidwa kuthira timasupuni 6 tosalaza ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere mu mamililita 750 a madzi owiritsa. Muzimumwetsa pang'onopang'ono ndi supuni muli pa njira.

Amayi a pampando, ndili ndi pempho limene ndikufuna lilembedwe m'buku la msonkhano. Membala wa mwana wamng'ono akamatenga ngongole ya ulendo, pa kuwerengera kwake pasamakhale tikiti, katundu ndi msonkho wa pamalire zokha. Pakhalenso gasi kapena makala owiritsira, sopo, ndi mkaka wokwana masiku onse osakoka. Ndipo asananyamuke, mmodzi wa ife apite kunyumba kwake akaone wotsalayo akupanga mkaka ndi manja ake, kuyambira kusamba m'manja mpaka kutaya wotsala. Ku Zengeza 2 ndi ku St Mary's ndidzipita ndine, miyendo ikadali ndi mphamvu. A nthambi zina musankhe wanu lero lomwe tisanabalalike.

Ndabweretsa poto, bulashi, fulasiki ndi kapu, zili pa tebulo lakumbuyo uko pafupi ndi chitseko. Tikatha kudya, amene muli ndi mabotolo m'zikwama mubwere nawo, tidzamasule mikombero limodzi.