Mawu Aakulu Sapulumutsa Munthu

(Zomwe adayankhula mmodzi mwa ophunzira akale pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu)



Pa zaka zimene ndagwira ntchito m'boma ndakhala pamisonkhano yambiri ya chitukuko. Masiku ano msonkhano sutha osamva mawu akuti "digital transformation", "platform", "e-learning" ndi "innovation". Woyankhula amawalavula motsatizana, anthu n'kuwomba m'manja. Koma mukafunsa kuti chinthucho chichita chiyani kwenikweni, m'chipinda mumangoti zii. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Taganizirani msodzi wa pa doko la Kachulu. Asanagulitse matemba ake amayamba waimba foni ku msika wa Zomba kapena ku Limbe kufunsa mtengo. Ndalama amalandirira pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Mayi wa pa chilumba cha Chisi amatumiza uthenga wa mawu pa WhatsApp kwa mwana wake ku Johannesburg ngakhale sadziwa kulemba. Anthu amenewa sadadikire kuti wina awaphunzitse Chingerezi cha kumisonkhano. Adaona phindu, n'kuyamba kugwiritsa ntchito.

Nkhaniyi si yoseketsa ayi. Nyanja ya Chilwa idaphwa mu 1968, mu 1995 ndiponso mu 2018, mabanja ambiri n'kusowa pogwira. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy adapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kummwera. Pa nthawi zoterezi mawu akuti "early warning system" sapulumutsa munthu. Chimene chimapulumutsa ndi uthenga wofika pa foni kapena pa wailesi nthawi ikadalipo, m'Chichewa kapena m'Chiyao chomveka: "Madzi akubwera, samukirani kumtunda lero lomwe."

Pempho langa ndi ili. Ambiri mwa ife tsopano ndife aphunzitsi, alangizi, anamwino ndi akuluakulu a m'maofesi, ndipo makolo kumudzi amatikhulupirira. Munthu akabwera ndi ntchito ya intaneti kuno kwathu, ngakhale pasukulu pathu pano, timufunse mwaulemu mafunso anayi. Chinthuchi chichita chiyani? Bandulo yake azilipira ndani? Popanda magetsi, tizitchaja kuti? Chikawonongeka, adzakonza ndani? Ngati sangayankhe m'mawu amene agogo athu angamve, tisafulumire kusaina. Tikapanda kutero, makompyuta adzatsekeredwa m'kabati akudya fumbi, pamene ana athu akuphunzirabe pansi pa mtengo.

Aphunzitsi athu ali panowa ankatiuza kuti mwana amene wamvetsa phunziro amatha kulifotokoza m'mawu akeake. Muyeso womwewo tiuike pa aliyense wobwera ndi za makono, ndiponso pa makalata amene timalemba ndi kusaina m'maofesi mwathu.