Kuuma kwa Kumaso pa Nthawi ya Mankhwala a Khansa ya M'mawere

Amayi anzanga, m'sewero lija munamva mayi wa kwa Chulu akudandaula kwa namwino kuti amuna ake akumuganizira chibwenzi chifukwa amakana kukhala nawo malo amodzi. Chonsecho mayiyo amamva kuwawa.

Vutoli si la iye yekha. Mankhwala a khansa a m'diripi, monga amene amaperekedwa ku Kamuzu Central, amatha kuletsa msambo msanga. Zikatero, kumaso kumauma, kumayabwa, ndipo kumachekeka msanga. Mapiritsi a tamoxifen, amene amamwedwa zaka 5 kapena kuposerapo, nawonso amatha kuumitsa. Si matenda opatsirana, komanso si ufiti.

Musasiye mapiritsiwo ai, amateteza kuti khansa isabwerere. M'malo mwake gulani mafuta oterera a madzi, monga K-Y Jelly, muzipaka musanakhale malo amodzi. Vaseline ai, imang'amba kondomu. Zitsamba zoika kumaso ndi sopo wam'kati zilekeni, zimangoonjezera mabala. Mafuta okhala ndi estrogen musapake dokotala wanu wa khansa asanavomereze.

Mukaona magazi msambo utasiya kale, musadikire tsiku la sikelo, pitani kuchipatala. Ndipo bambo a kunyumba abwere nanu, adzamve okha kuchokera kwa namwino.