Zithunzi Zophunzitsa Madotolo Nthenda za Khungu

Madzulo ano tikambirane za njira imene ophunzira udotolo adziwira nthenda za khungu.

Munthu akafika ku cipatala ndi banga losacoka pa mwendo, kawirikawiri dotolo sangachule nthendayo poyang'ana ndi maso okha. Iye amabaya mankhwala oletsa ululu, nadula kacidutswa ka khungu konga njere ya mapira. Kacidutswako amakaika m'phula, nakasenga mopyapyala koposa tsitsi, nakayala pa kagalasi, nakapaka utoto wofiirira ndi wabuluu. Pamenepo katswiri amakapenya pa makina okuza tinthu tating'ono, dzina lace microscope.

Kale ophunzira anali kulandizana timagalasi timeneti mmodzimmodzi. Koma galasi limasweka, utoto umafwifwa, ndipo nthenda yosowa ingapezeke pa galasi limodzi lokha m'sukulu lonse. Tsopano alipo makina ojambula galasi lonse ndi kusunga cithunzi cace m'kompyuta. Zithunzizo zimaoneka bwino ndithu, kotero kuti m'caka ca 2017 boma la America linalola madotolo kuweruza nazo nthenda. Conco wophunzira wa ku Lusaka, kumene sukulu la udotolo linayamba mu 1966, ndi mnzace wa ku Ndola angathe kupenya cithunzi cimodzi nthawi imodzi, nacikuza pamene afuna, mphunzitsi ali kuwalozera.

Titenge citsanzo ca khansa ya Kaposi, imene dotolo Moritz Kaposi anafotokoza ku Vienna mu 1872. M'caka ca 1983 dotolo Anne Bayley anaona ku Lusaka kuti khansayi yayamba kugwira acinyamata mwaukali, ndipo pambuyo pace kunadziwika kuti inali kudza pamodzi ndi HIV. Pa galasi nthendayi imaoneka cimodzimodzi mwa anthu a mitundu yonse: maselo aatali osongoka, ndi timipata todzala magazi pakati pao. Koma pa thupi pali kusiyana. Pa khungu la Mzungu banga lace limakhala lofiirira. Pa khungu lathu limada, ndipo munthu angaliyese cipsera cabe.

Apa ndipo pali bvuto. Mabuku ambiri a udotolo analembedwa ku Ulaya ndi ku America, ndipo zithunzi za khungu lakuda zilimo zowerengeka. Cifukwa ca ici, mu 2020 Malone Mukwende, wobadwira ku Zimbabwe, amene anali kuphunzira udotolo ku London, analemba ndi aphunzitsi ace kabuku ka Mind the Gap, koonetsa nthenda pa khungu lakuda. Wophunzira ayenera kuona ziwiri zonse, cithunzi ca galasi ndi cithunzi ca banga pa khungu longa lathu, kuti adziwe wodwala woyenera kupimidwa msanga.

Zithunzi zotere zidzacokera kwa ife tomwe. Dotolo akapempha kujambula nthenda yanu, muli nao ufulu wakukana, ndiponso wakufunsa kuti dzina lanu ndi nkhope yanu zibisike. Koma mukabvomera, mwaphunzitsa madotolo amene adzaciritsa ana anu. Ndipo mukaona banga lakuda limene likula, kapena cironda cosapola, musadikire malipiro a kutha kwa mwezi. Pitani ku cipatala likali laling'ono.