Kuphunzira ku Glasgow: ndalama, mapepala ndi maulendo

Mwati ndikambe za moyo wa mtsikana wophunzira kunja, ndiye ndikamba za kuno ku Glasgow, ku Scotland, komwe ndikuchita digiri yachiwiri. Pa Facebook timangoonetsa majekete okongola, eti? Lero ndikamba za ndalama ndi mapepala, chifukwa kunja kuno mtsikana amayenda mwaufulu zinthu ziwirizi zikakhala m'manja mwake.

Tiyambe ndi tsiku wamba. Mu Disembala dzuwa limatuluka kutatsala pang'ono 9 koloko, n'kulowa 4 koloko isanakwane. Umapita m'kalasi kuli mdima, pobwera kuli mdima. Walira mvula walira matope, paja. Ndimaphika kamodzi chakudya cha masiku atatu, ufa ndimagula m'mashopu a anthu a ku Africa, ndipo mayi ndimawaimbira madzulo asanagone, poti nthawi yozizira Malawi amakhala patsogolo ndi maola awiri. Mukangofika, kalembetseni kwa dokotala wa m'dera lanu, amene kuno amati GP. Musadikire kuti mudwale.

Tsopano ndalama. Gawo lalikulu limathera ku lendi. Viza ya wophunzira wa digiri imalola kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ili mkati. Wina akakuuzani kuti “ingowonjezera maola, ndizikupatsa pamanja, palibe adziwe,” kanani. Zikadziwika, viza yothetsedwa ndi yanu, iye bizinesi yake ipitirira. Ndiye pali abale kumudzi. Akangomva kuti uli ku UK, foni siipuma: fizi, feteleza, maliro, chinkhoswe. Thandizani ndithu, koma dulani mlingo wa pamwezi ndipo muwauze poyera. Mtsikana amene watumiza ndalama ya lendi ndi amene mawa amakakamizika kukhala m'nyumba ya munthu yemwe sakumufuna.

Za maulendo, anga ndinawalemba kale m'kope. Woyamba ndi wa ku Blantyre. Inde, Blantyre! Ndi tauni yaing'ono kumene anabadwira David Livingstone, ndipo mzinda wathu uja unatenga dzina kumeneko. Pa sitima kuchokera ku Glasgow Central sipatha theka la ola. Wachiwiri ndi wa ku Edinburgh, pafupifupi ola limodzi. Ndili ndi 16-25 Railcard, khadi lochotsera gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa tikiti, ndipo ngakhale wopitirira zaka 25 amaligula bola akhale wophunzira wa nthawi zonse.

Wachitatu ndi wa ku Paris pa tchuthi cha Pasaka, ndipo apa mvetserani. Viza ya ku UK siikulowetsani ku France. Ndi pasipoti ya Malawi mufunika viza ya Schengen, yomwe mtengo wake ndi mayuro 90. Amafuna kalata ya ku yunivesite, sitetimenti ya ku banki, inshuwalansi ndi umboni wa kogona. Malo okaperekera mapepala amadzaza msanga, choncho yambani kudakali miyezi. Ku Dublin nakonso kuli viza yakeyake. Ulendo wotsiriza ndi wobwerera kwathu ndikamaliza kafukufuku wanga, kudzera ku Addis Ababa mpaka ku Lilongwe. Amene mukufuna sikolashipu ya Chevening dziwiranitu kuti mukamaliza mumayenera kubwerera kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri.

Pa ulendo uliwonse ndili ndi malamulo atatu. Pasipoti yanga sasunga munthu wina, kaya ndi chibwenzi, kaya ndi malume, kaya ndi abusa. Tikiti yobwerera imakhala m'dzina langa ndi mu imelo yanga, ngakhale wolipira akhale wina. Ndipo mnzanga mmodzi amadziwa kumene ndikugona usiku umenewo. Zikavuta, kuno timaimba 999, ku France 112.

Amene mukulota zodzabwera, yambani lero. Onani tsiku lothera pasipoti yanu, tsegulani akaunti ya ku banki ya inu nokha, ndipo mafomu muzidzaza nokha kuti mudziwe zimene mwasayinira. Ndalekeza pomwepa azichemwali, tsopano bwerani ndi mafunso.