Mtedza wathu ukaonongeka panyanja, alipira ndani?



Mu 2004 alimi a bungwe la MASFA kuno ku Mchinji analandira satifiketi ya Fairtrade, ndipo mtedza wawo unafika m'masitolo a ku Britain. Katundu wotere amayenda masabata angapo panyanja. Nanga akaonongeka m'njira, alipira ndani?

Inshuwalansi ya katundu wa panyanja imalipira sitima ikamira, ikapsa kapena ikaombana ndi ina. Koma lamulo la ku Britain la 1906, lomwe mapangano ambiri amatsatira, limati kampani siilipira katundu woonongeka ndi vuto lochokera mwa iye mwini, pokhapokha pangano litanena zina. Tikawaza madzi mtedza kuti tiswe mosavuta, n'kuuthira m'matumba usanaume, chuku chimamera m'kontena. Wogula akaukana, sitilandira ngakhale tambala.

Choncho tiumitse mtedza wathu bwinobwino. Ndipo inu atsogoleri athu, musanasaine pangano, funsani izi: inshuwalansi alipira ndani, ife kapena wogula? Iyambira kunkhokwe yathu kuno, kapena kudoko la Nacala kapena Beira? Mayankhowo mudzatiuze m'makalabu mwathu, chifukwa thukuta ndi lathu.